Kilatchi ya Bambo

3 Juni
Sajeni akadali pansi pa mtengo. Ndi pikapu ija Bambo anagula asilikali ataitaya, poti anaiyendetsa okha zaka khumi ali m'yunifomu. Chidwalireni sitiroko, miyezi isanu ndi itatu, sinasunthe. Mwendo wawo wakumanzere sumvera, kilatchi nayo yolimba ngati chitseko cha ndende. Nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala. Zakwezedwa udindo.
Nzeru yanga: giyabokosi ichoke, tiike ya otomatiki. Mwendo umodzi ukwana. Kuwaona pakhonde akuwerenga magalimoto a eni kukundipweteka mtima.

6 Juni
Makaniko wagona pansi pake, watuluka akuseka. Mabawuti akuti sakumana, shafuti ifunika kufupikitsa. Asilikali anapanga galimoto yosafanana ndi ina iliyonse padziko, akatswiri. Mkazi wanga akuti tigulitse kwa ogula zitsulo. Amamukonda Sajeni, n'chifukwa chake amayanikapo zofunda.

11 Juni
Giyabokosi yapezeka, ya galimoto yangozi. Wogulitsa akulumbira kuti ndi yatsopano. Dzimbiri lakelo ndiye latsopanodi. Ndayeza ndi tepi kawiri. Ilowa.

12 Juni
Ndawauza Bambo. Ndimadikira zikomo, chitsiru ine. Angoti, "Ukachotsa kilatchi, udulenso mwendowu, ukatayire limodzi." Ndapsa mtima. Masiku onsewa girizi m'zikhadabo, malipiro ake amenewa.

20 Juni
Sabata yathunthu moni yekha. M'mawa ndimakathamangitsa nkhuku, ndapeza Bambo ali m'galimoto. Mmene anakwerera, kaya. Manja onse agwira bondo, akulikankhira pa kilatchi, thukuta kamukamu, akuwerenga ngati pa perete. Sinatsike n'pang'ono pomwe. Sanandione. Ndakalirira kuseri kwa bafa, ine bambo wa ana atatu.

23 Juni
Otomatiki ilowabe. Koma pedulo ya kilatchi isachoke. Ndauza makaniko aimangirire kasipuling'i kofewa, isagwire kanthu kena. Akuti zaka makumi atatu pa ntchito sanaikepo pedulo yabodza. Ndati sukulu siitha.

28 Juni
Sajeni watuluka pageti. Bambo pa chiwongolero, ine pambali mtima uli m'malere. Pakona aponda pedulo ija mpaka pansi, mwendo wokha, opanda manja. Kenako andiyang'ana nthawi yaitali. Akudziwa. Munthu wa zaka khumi m'galimoto imeneyi sanganamizidwe ndi sipuling'i.
Angoti, "Kilatchiyi waikonza bwino, mwana wanga."
Pakona yotsatira apondanso.