Zala Ziwiri Zimene Sizikumva Moto

Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino, inu, alamu ndi ana. Amayi akupeza bwanji miyendo ija? Kuno mlamu wanu ndi ana ali bwino. Wamkulu wakhoza mayeso, wamng'ono waguluka dzino ndipo akuonetsa aliyense mpata wake. Ine ndiye sindili bwino. Mukundidziwa, sindizungulira ngati munthu wodzabwereka njinga. Kalatayi muwerenge muli nokha, osati pamaso pa amayi.

Zala ziwiri za dzanja langa lamanja, kakang'ono ndi chinzake choyandikana nako, zachita dzanzi. Uno ndi mwezi wachitatu. Poyamba ndinkati ndagonera mkono. Kenaka ndinagula mafuta otentha aja, n'kumatikita m'mawa ndi madzulo. Mlamu wanu akati ndipite kuchipatala, ndinkamukalipira kuti munthu sataya tsiku la ntchito chifukwa cha kachala.

Sabata yatha anatituma kumalo ochapira zovala kukaona mota ya makina amene ankanunkha kupserera. Ife a zamagetsi mota timaikhudza ndi kuseri kwa dzanja, kuti ngati ili ndi moto dzanja lithawe lokha m'malo mofumbata. Ndinaikhudza, ndinati ndi yozizira. Mnzanga amene ndimayenda naye, timamutchula Chipewa poti savula ngakhale m'kati mwa siling'i, anaikhudza n'kudumpha ngati waponda khala. Anandifunsa ngati ndalawirira kumwa. Magazi anandikwera. Ndinakanikiza dzanja pa motapo n'kumawerenga mokweza kuti aone kuti wamantha ndi iye. Ndisanafike pa zisanu anandikoka mkono. Khungu linali litatuwa, matuza akutukuka ine ndikuona. Fungo ndinalimva, koma ululu ayi.

Tsiku lomwelo ndinapita kuchipatala. Atandimanga bala anandipititsa kwa dokotala wina, mayi wachichepere kwa ine. Anandiuza kuti nditsinzine, n'kumandibaya ndi kasingano chala chimodzichimodzi. Anandimenya m'mawondo ndi kahamala ka mphira. Anandiyendetsa pa mzere, phazi kutsogolo kwa linzake, kenaka akuti ndigwire mphuno yanga. Ndinamufunsa ngati ndabwera kudzachira kapena kudzavina. Sanakwiye. Anandifunsa ntchito imene ndimagwira, n'kutenga pepala kuyamba kujambula.

Achemwali, sukulu ndinaisiya panjira, koma pulani ya mawaya palibe amene angandinamize. Chimene anajambulacho ndinachizindikira asanamalize. Ubongo ndiye bolodi yaikulu yogawa magetsi. Kuchokera pamenepo chingwe chimodzi chachikulu chimatsika kudutsa m'kati mwa mafupa a msana, ngati waya m'paipi, ndipo pa mfundo iliyonse pamatuluka nthambi zopita m'manja, m'miyendo, paliponse. Imeneyo ndiyo mitsempha yonyamula uthenga, yosiyana ndi ya magazi ija. Ina imakweza nkhani kuti pano patentha, ina imatsitsa lamulo kuti fumbata, tambasula, ponda. Akuti chala pachokha sichidziwa moto. Chimangotumiza, wodziwa ndi ubongo. Changa chinatumiza, koma nkhani inathera panjira.

Anatinso mawaya amenewa amapingasana: theka la kumanzere la ubongo limayendetsa mbali ya kumanja ya thupi, la kumanja limayendetsa ya kumanzere. Ndinati munthu woika mawaya choncho kuntchito kwathu akapitawo akanamuthamangitsa tsiku lomwelo. Anaseka, ine sindinaseke. Manyazi anali atandigwira. Zaka makumi awiri ndakhala ndikukalipira anthu kuti babu likakana kuyaka osamangosintha mababu, tsatani waya mupeze pamene pafa. Ndiye ine ndemwe ndatha miyezi itatu ndikupaka babu mafuta.

Akuti pamene pavuta pangakhale patatu. Pa chigongono, pamene mtsempha wa zala ziwirizi umadutsa pothina, ndipo imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Kapena m'khosi, fupa likukanikiza chingwe chachikulu chija, mwina chifukwa cha zaka zonsezi ndikugwira ntchito nditagadamira kudenga. Kapena m'mutu mwenimweni. Ndinamuuza kuti asandibisire, akuganiza pati. Anati sanganene asanaone. Koma ine ndinali nditaona kale. Pomenya bondo lamanzere mwendo unangogwedera pang'ono. Pomenya lamanja unadumpha mpaka kutsala pang'ono kumugunda, ndipo anaweramira pepala n'kulemba kanthawi ndithu. Chigongono sichidumphitsa mwendo, achemwali. Zimenezo sizifuna sukulu.

Lachinayi la sabata yachitatu kuchokera lero adzandilowetsa m'makina ojambula m'kati mwa mutu ndi khosi. Pakadali pano wandiletsa kukwera makwerero. Akapitawo sindinawauze. Amene akukwera ndi Chipewa, ine ndimagwirira pansi n'kumamupatsira zida, ndipo akumauza anthu kuti ndakwezedwa pa udindo. Dzulo pulayala inandipulumuka kawiri. Chipewa anatsika n'kuitola, n'kupitiriza ntchito ngati sanaone. Bola akananditukwana.

Ndisanatuluke, dokotala uja anandifunsa ngati kwathu alipo amene anadwalapo zofanana ndi zimenezi. Ndinayankha msanga kuti palibe. Ndili m'basi m'pamene ndinakumbuka bambo.

Mukukumbuka mmene anayambira kugwetsa zinthu. Kapu ya tiyi, kenaka hamala, kenaka anaononga chitseko cha munthu poboola pa malo olakwika. Mukukumbukanso amene anaimirira pakhomo la shopu yawo n'kuwauza pamaso pa mwini chitsekocho kuti aledzera ndipo akutichititsa manyazi. Ndinali ine. Anangoyang'ana dzanja lawo. Mwezi womwewo ndinanyamuka, ndipo ndinabwerera kudzaika maliro. Pamene Chipewa anandifunsa za kumwa, ndinamva mawu anga omwe. Amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sindinkadziwa kuti mnzakoyo angakhale bambo ako okubala.

Pempho langa ndi limodzi. Inu ndi amene munawasamalira mpaka kumapeto. Tengani pepala mundilembere mmene zinayendera, kuti ndikamupatse dokotala tsiku lojambulalo lisanafike. Linayamba ndi dzanja liti? Chinayamba kuchoka n'chiyani, kumva kapena mphamvu? Mwendo unatsatira patapita nthawi yaitali bwanji? Lilime linalemera liti? Kuyambira pa kapu yoyamba mpaka tsiku lomaliza zinali zaka zingati? Kuchipatala anawauza chiyani, ngati anapitako n'komwe? Mufunsenso azakhali, mochenjera, ngati kwawo kunali wina amene anafa chotere. Ndipo mundiuze zoona: kodi bambo ankamwa ngati mmene ndinkanenera ine muja?

Musandiimbire foni pa nkhaniyi. Inu mudzalira, ine ndidzakalipa, tidzatha mayunitsi osamvana kanthu. Lembani. Musandinyengererenso ngati mwana. Zaka zija zikakhala zisanu lembani zisanu, zikakhala ziwiri lembani ziwiri.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi ichi. Ndinamufunsa dokotala uja ngati munthu amene thupi lamukana amakhala kuti nzeru zapitanso. Anati si nthawi zonse. Akuti kuganiza, kukumbuka ndi kumva zimene anthu akunena zili ndi malo akeake mu ubongo, moti mawaya opita m'manja ndi m'kamwa angathe kufa koma munthu m'katimo ali maso, akumva zonse. Ndiye kuti mwina bambo ankadziwa bwino lomwe amene ali pambali pawo ndi amene sanabwere. Ngati ananenapo kanthu za ine lilime lisanalemere, mulembenso chimenecho, kaya n'choipa. Chimenecho si cha dokotala, muchiike pa pepala lina.

Ana sakudziwa. Mlamu wanu akudziwa za khosi zokha, za m'mutu ndi za bambo sindinamuuze. Masiku ano ndikumangoyang'ana manja a ana akamagwira kapu. Wamkulu anagwetsa supuni dzana, ndinamukalipira mpaka analira, kenaka ndinatuluka panja. Ngati chinthuchi chimayenda m'magazi, ndifuna ndidziwe ndisanauze mwana wanga kuti ndi wosasamala.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ntchito ikuyenda. Limenelo si bodza, ikuyendadi, kungoti pa makwerero pali wina. Moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa amalume aang'ono ndi kwa ana onse. Mlamu wanu ndi ana akupereka moni.

Muona kuti zilembo zayamba kupendekera kumunsi kuno. Ndimafuna kulemba kuti tebulo ndi logwedera. Si tebulo. Kalatayi ndailemba masiku atatu, ndipo cholembera chagwa kanayi.

Yankhani msanga, achemwali.

Ine mlongo wanu,
wamakani uja