Nambala ya Amayi

Yorkton
14 Malichi 2019

Okondedwa achimwene a Myron,

Ndikhulupirira muli bwino kumigodiko ku Yukon. Kuno chipale chofewa sichinasungunuke, msana wanga watha ndi fosholo yochichotsera. Ababa akadali m'chipinda chomwe chija kuchipatala. Dzulo anangodya masipuni atatu a supu ya kabichi, koma pakamwa pokha sipanafooke.

Pali nkhani yomwe yandikhala pakhosi, ndipo pafoni ndalephera kawiri konse kukuuzani. Yankho la nambala ija linabwera.

Mukudziwa mmene ababa avutikira chipumireni ntchito yauphunzitsi. Zaka khumi ndi chimodzi kompyuta ikulira m'chipinda chapansi, kusaka nambala yaikulu yomwe singagawike ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yokha. Itapezeka anaisindikiza, masamba zana ndi makumi awiri, n'kulemba pachikuto dzina la malemu amayi, Orysia. Ati mwala wapamanda umafufutika koma nambala siitha.

Mwambo wa anzawo osaka manambala mukuudziwanso: palibe kulengeza mpaka munthu wina aiyese pa makina ena. Si mawu omwe ababa anatilera nawo aja, akuti mboni imodzi si mboni? Ndiye ndinaitumiza kwa mayi Thorvaldson a ku Oregon, amene amayesa manambala a anzawo. Ayesa kawiri, pa makina awiri. Imagawika, achimwene. Akuti kompyuta yathu yakale ija inaphonya penapake. Chondipweteka kwambiri n'chakuti njira yawoyo imangonena kuti imagawika, siitchula nambala yoigawayo. Ndinawafunsa pafoni kuti, "Nanga ababa ndikawaonetsa chiyani?" Iwo anati, "Pepa mwanawe, kuti ipezeke imeneyo tonse tidzakhala titapita."

Kalata yawo ili m'chikwama mwanga, ino ndi sabata yachitatu. Tsiku lililonse ndikangolowa m'chipinda mwa ababa, jekete ndisanavule, funso ndi lomwelo.

"Halyna, wa ku Oregon uja wayankha?"

"Sanayankhe, ababa."

"Ulesi basi. Akanakhala m'kalasi mwanga ameneyo akanabwereza chaka."

Anamwino amaseka, inenso ndimaseka nawo, kenako ndimakalirira m'galimoto.

Lolemba ndinayesa kunama. Ndinati, "Ababa, ayankha, akuti zonse zili bwino." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi monga ankachitira tikaonerana masamu.

"Pepala lake lili kuti? Pakamwa pakopo ndi mboni imodzi."

Ndinati ndaliiwala kunyumba. Chiyambireni tsikulo ndakhala ndikuliiwala, ndipo iwo akungoti mutu wanga ndi wa azakhali a Nadia oiwalaiwala aja.

Adokotala akuti ababa atsala ndi masabata awiri, mwina atatu. Ndikawauza zoona ndiwalanda zaka zonse zija pamodzi ndi dzina la amayi. Ndinakhala pansi kuti ndipeke kalata ina m'dzina la mayi Thorvaldson, koma dzanja linakana. Munthu amene sanakhululukepo yankho lolakwika moyo wake wonse ndimuike m'manda ndi bodza? Sindikudziwa chochita, achimwene, ndipo ndatopa.

Mundiperekere moni kwa alamu a Corinne ndi ana. Ababa akupereka moni wambiri. Ati mubwere msanga ndege zisanadzaze. Atinso popeza ine ndine woiwalaiwala, mukadzere kunyumba mutenge kalata ya ku Oregon ija, mudzawawerengere inuyo mokweza ine ndili pomwepo, kuti mboni zikhale ziwiri.

Ine mlongo wanu,
Halyna