Akudikira Kuti Makutu Aphukenso

Aphungu,

Amuna anga anali kalipentala. Kale ndikamapita ndi tiyi kushedi, ankazimitsa makina opalira matabwa ndisanagogode n'komwe, amvekere, "Ndamva masilipasi ako." Madzulo tinkakhala pabenchi imene anakhoma okha, ine n'kumawanong'oneza miseche ya mumsewu mwathu, iwo kuseka mpaka kutsokomola. Makina omwewo ndiwo anawagonthetsa. Lero kanthu kalikonse ndimachita kukuwa, ndipo miseche siikoma mokuwa.

Kuchipatala anawapatsa kachipangizo kovala m'khutu. Tsoka ilo, mphwawo anawawerengera pafoni kuti akatswiri akuyesa mankhwala oti maselo a mkati mwa khutu azigawikana n'kuphukanso. Basi, kachipangizo kaja anakaponya m'chitini cha misomali. Akuti, "Nkhuku makutu ake amadzikonza okha, ine ndilephere bwanji? Ndidikira."

Ndawasowa bambowa, chikhalirecho tikukhala nyumba imodzi. Nditani?

Mayi E. N.

Mayi,

Za nkhukuzo sakunama. Mkatikati mwa khutu muli timaselo ta ubweya tomwe timagwira mawu. Mwa mbalame, timaseloti tikafa, maselo oyandikana nato amagawikana n'kubala tatsopano. Mwa munthu kugawikanako kumaima asanabadwe. Akatswiri akuyesa mapulotini amene thupi limatuma pouza maselo kuti akule ndi kuchulukana, kuti aone ngati angadzutse maselo ogonawa. Koma zambiri zidakali pa mbewa ndi m'timbale ta mu labu, komanso selo kungogawikana sindiye kuti munthu wayamba kumva. Palibe angakuuzeni chaka chimene mankhwalawo adzafike. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Musalimbane nawo pa za sayansi, simuwatha akalipentala. Ingowauzani kuti kuvala kachipangizo sikuwatsekera mwayi wa mankhwala a m'tsogolo. Katulutseni m'misomalimo, mupite nawo kuchipatala akakayese ndi kukachuna bwino. Masiku oyamba kamasokosa, choncho ayambire m'nyumba, wailesi itazimitsidwa.

Chenjerani ndi ogulitsa madontho amene akuti amameretsa maselo m'khutu. Musawathire chilichonse chimene dokotala sanalembe.

Ndipo zimene mwandilemberazi, iwo munawauza? Akadzakavala, mukhale nawo pabenchi ija, mutsitse mawu, muyambe ndi zimene achita aneba sabata ino. Akatsokomola ndi phwete, nkhani ya nkhuku yathera pomwepo.