Ati Ndiphunzire Khodi Kapena Ndisiye Mpando

Achemwali,

Ndisanakufunseni za moyo, ndiyambe ndawongola nkhani imene msuweni wathu akuyenda nayo khomo ndi khomo. Sanandichotse ntchito. Komanso si zoona kuti ndimangokhala pa kompyuta n'kumapaka mitundu ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Munthu anabwera ku ofesi kwathu kamodzi kokha, kudzatchajitsa foni, lero wasanduka katswiri wa ntchito yanga. Mumuuze kuti mpando wa alendo umene anagonapo kukamwa kuli yasa uja ukumupatsa moni.

Tsopano muli bwanji kumeneko? Mwendo wa amayi uja ukutupabe? Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Ntchito yanga ndi iyi, muimvetse kuti muziyankha anthu. Kampani ikafuna webusaiti, ine ndi amene ndimajambula maonekedwe ake: chithunzi chikhale apa, mawu akule chonchi, batani logulira likhale pomwe chala chimafika. Ndikamaliza ndimapereka kwa mnzanga wa pa desiki yoyang'anizana nane. Iye amalemba khodi, kutanthauza mizere ya malamulo imene kompyuta imamva, kuti chojambula changacho chizigwira ntchito. Mu ofesi timamutcha Sizitheka, chifukwa ndi mawu okhawo amene amatuluka m'kamwa mwake, ngakhale ungomupempha kuti atsegule zenera.

Mwezi watha tinapatsidwa webusaiti ya sitolo yogulitsa magalasi a maso. Ndinaganiza kuti ofuna magalasi ndi anthu osaona bwino, choncho ndinaika zilembo zikuluzikulu, zoti ngakhale amayi angawerenge osachita kugunditsa foni pamphuno. Sizitheka anangoyang'ana n'kunena kuti pa foni sizingakwane. Nditamufunsa chifukwa chake, anayamba kundiyankha m'chilankhulo chawo chija, mawu oti ngakhale amene anapanga kompyutayo angapemphe womasulira. Kenako anachepetsa zilembozo osandiuza, zinatsala ngati nyerere.

Mwini sitoloyo, mayi wachikulire ndithu, anabwera ali moto. Anaima pakati pa ofesi foni ili m'mwamba, n'kumafunsa ngati tikufuna kuti makasitomala ake ayambe akagula magalasi kwina kuti athe kuona magalasi ake. Sizitheka anavala mahedifoni n'kuweramira pa kompyuta yake ngati akupemphera. Wotukwanidwa ndinali ine, poti wojambula ndine.

Mayiyo atapita, abwana anandiitanira m'kachipinda kawo kagalasi kaja. Ati ndikanadziwa khodi ndikanamutsutsa Sizitheka tsiku lomwelo. Ati masiku ano makampani akufuna munthu mmodzi wochita zonse ziwiri, ndipo chaka chikamatha ndikhale nditaphunzira, apo ayi pampando wanga pakhala wina. Ndinawafunsa ngati Sizitheka nayenso amuuza kuti aphunzire kujambula, munthu amene amavala malaya obiriwira pa thalauza lofiira n'kumadziona kuti watchena. Ndinawafunsanso ngati wojambula pulani ya nyumba amafunika kukaponda nawo matope. Anandiyankha kuti wojambula pulani amene sadziwa kulemera kwa njerwa amajambula nyumba zakugwa. Ndinatuluka osatseka chitseko.

Inu mukudziwa kuti ku yunivesite sindinachokeko chifukwa chopanda nzeru. Ndinatopa ndi kuloweza mizere yomweyi, mphunzitsi akuwerenga zimene analemba ine ndisanabadwe, ife tikukopera ngati alembi ake. Diso langali palibe amene analiphunzitsa. Ndikayang'ana tsamba ndimadziwiratu pamene munthu angasochere. Lero akundiuza kuti zimenezo ndi theka la munthu.

Koma chondiwawa kwambiri ndi ichi. Tsiku lina Sizitheka atapita kukadya, ndinatsegula fayilo yake. Ndinafufuza mpaka ndinapeza pamene panalembedwa kukula kwa zilembo, n'kusintha nambala. Zilembo zinakuladi. Koma batani logulira linathawira kunja kwa tsamba, zithunzi zinakwerana, mitengo ya magalasi inasowa. Ndinabwezera msangamsanga asanalowe. Ndiye mpaka pano sindikudziwa ngati amandinamiza chifukwa cha ulesi kapena amanena zoona. Akhoza kupitiriza kundiphera ntchito ine ndili pomwepo, maso ali tong'o. Zimenezi abwana sindingawauze, angatupe mpaka osakwananso m'kachipinda kaja.

Pempho langa ndi limodzi. Mu sutikesi yanga imene ili pamwamba pa wadiropu m'chipinda cha amayi muli buku lalikulu lachikuto chakuda, la khodi, lomwe ndinkagwiritsa ntchito chaka chachiwiri ku yunivesite. Mulikulunge m'nsalu, muwapatse alamu akamabwera kuno ndi lole yawo. Ndikudziwa kuti zonsezi zili pa intaneti, koma ophunzitsa a pamenepo amayankhula ngati Sizitheka yemweyo, pamene bukulo limayambira pansi.

Amalume asamve. Tsiku limene ndinafika ndi sutikesiyo nditasiya yunivesite ananena pamaso pa aliyense kuti mabuku amenewo ndidzawafuna ndikulira. Akangomva adzavala jekete n'kuyenda nayo nkhaniyi kwa achibale onse, ndi a kuchikamwini omwe. Sindikulira. Ndikungofuna kuti Sizitheka akadzatsegulanso pakamwa ndidzakhale ndi chomutsekera.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti asamasiye mankhwala akangomva bwino pang'ono. Moni kwa alamu ndi ana onse. Amalume muwapatse moni wamba, wopanda nkhani. Wa msuweni ndausunga kaye.

Ndine mlongo wanu,
Wamakani

Ndiwonjezere izi ndisanatumize. M'mawa uno kampani yaika pa webusaiti yathu chilengezo chofuna wojambula wodziwa khodi. Tsamba limene achiikapolo ndinalijambula ndine.