Naphiri ndi Phiri ndi munthu mmodzi

Amayi anga, kodi kumeneko kwacha bwanji? Ife kuno ku Springs tadzuka, ndipo lero ndikulemba mtima uli m'malo. Bwenzi nditalemba mwezi watha, koma ndikanangokudandaulitsani.

Ndiyambe ndi zabwino. Achimwene a Witinesi akadali pantchito yonyamula katundu ku Spartan, ndipo alamu anachira mwana wamwamuna, wamphuno ngati yanu ndendende. Nkhwani zija munadzala kuseri kwa chipinda zinameranso zokha chaka chino, mpaka mayi mwini nyumba, amene ankati tikudya masamba ngati mbuzi, tsopano amabwera ndi mbale kudzapempha. Denga likudonthabe pakona pomwe paja. Ndatopa nako kunena.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Mukukumbukira kuti ndinkafunafuna ntchito yosamalira okalamba kunja? Yapezeka, Amayi, ku Ireland. Ndinavina ndekha m'khitchini ya kuntchito ku Boksburg. Koma paja munkati walira mvula walira matope. Matope ake anali mapepala.

Ine ndekha zanga zinali bwino. Vuto linali Takondwa. Chimwalirireni mng'ono wanga Malita, mwanayu ali m'manja mwanga, ndipo inu mukudziwa kuti bambo ake sitinawaonepo ngakhale nkhope. Mayi wotithandiza za ulendo atandifunsa kuti mtsikanayu ndi ndani wanga, ndinayankha kuti mwana wanga. Nanga ndikanati chiyani? Mwana wa mng'ono wanga ndi mwana wanga, ine ndi mayi ake aakulu, palibenso dzina lina. Mayiyo anayang'ana setifiketi yake ya kubadwa n'kundiuza kuti azungu sawerenga chibale motero. Ndiyenera kupita kukhoti la ana kuti andilembe kukhala womulera, ndipo kumeneko ndikaonetse kuti ine ndi Malita tinabadwa mimba imodzi. Apo ayi, ndipita ndekha, mwana atsala.

Ndinati zimenezo n'zosavuta. Ndinatulutsa envulopu yanu ija ya khaki, ija munabwera nayo kuchokera ku Zimbabwe mutaikulunga m'chitenje. Setifiketi yanga inalimo, ya Malita inalimo. Pa yanga, dzina la mayi analemba Esinati Phiri. Pa ya Malita, Esinati Naphiri.

Amayi inu! Munatani?

Ndinakhala pansi n'kuseka kaye, kenako ndinalira. Ndikudziwa mmene zinayendera. Ine anakandilembetsa ndi abambo, chitupa chanu chili m'manja. Malita munakamulembetsa nokha, abambo ali pansi mumgodi, ndiye kalaliki wachishona atafunsa dzina, inu munayankha monga amayankhira mzimayi wodzilemekeza, kuti ndine Naphiri. Iye n'kulemba momwemo. Dzina laulemu lomwe ankakuitanirani komboni yonse, lomwe abambo ankalitchula akafuna kukunyengererani, ndi limene linasandutsa ana anu awiri kukhala a amayi osiyana.

Kalaliki wa kukhoti, mnyamata waulemu ndithu, anati iye sangatsutsane ndi pepala. Anati ndibwere ndi munthu wamkulu amene ankakudziwani, akalumbire kupolisi kuti Naphiri ndi Phiri ndi munthu mmodzi, ndiponso mafotokope onse adindidwe chidindo chatsopano chifukwa zidindo za pa amene ndinabwera nawo zinali zitatha mphamvu. Chidindo kutha mphamvu ngati mankhwala, ine zinandinyansa. Ndinatuluka ndikulalata Chichewa chokhachokha mpaka pokwerera tekisi. Mukanakhalapo mukanandikoka chovala n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma tsiku limenelo nkhonoyo ndikanaiponda.

Amene anandipulumutsa ndi Anachisale, mnzanu wa kumvano uja munakulira naye komboni imodzi. Miyendo yawo yafooka, amayendera ndodo, koma nditawafotokozera anangoti, "Esinati akanidwe ana ake ine ndili moyo? Tenga nsapato zanga pansi pa bedipo." Anavala yunifolomu ya mvano ngati akupita kumaliro a abusa.

Kupolisi tinaima pamzere wautali, wa anthu odinditsa mapepala ofunsira ntchito. Titafika kutsogolo tinapeza wapolisi wamkazi, Mzulu, nkhope yotopa. Anawerenga kalata yolumbirayo, n'kuyang'ana masetifiketi awiri aja, n'kupukusa mutu. Anati mayina awiri ndi anthu awiri, iye sangadinde chinthu chimene sakuchimvetsa. Ndinayamba kufotokoza m'Chingerezi, koma sanandimvetse. Anachisale anandikankhira pambali ndi chigongono. Chizulu chawo mukuchidziwa, chothyokathyoka, chosakaniza ndi Fanagalo, chiyankhulo cha kumigodi cha amuna awo, koma anamufunsa wapolisiyo kuti amayi ake ndi a kwa ndani. Iye anati a kwa Dlamini. Nanga kumudzi amawaitana bwanji? Wapolisi uja anamenya tebulo n'kufuula, "Hawu, uMaDlamini!" Paja nawonso mkazi amamutchula ndi mfunda wa bambo ake, amangoika Ma pamene ife timaika Na. Anaseka mpaka anaitana mnzake kuti adzamve. Analumbiritsa Anachisale, n'kudinda pepala lililonse mwamphamvu ngati akupha mphemvu.

Khoti linamva nkhani yathu, anthu oona za ana anabwera kudzaona pamene timagona, ndipo dzana ndinalandira kalata yake. Ndine womulera Takondwa mwalamulo. Mapepala onse a ulendo apita limodzi, anga ndi ake, mu envulopu imodzi.

Koma pali chimene chandipweteka, ndipo ndi inu nokha ndingakuuzeni. Miyezi yonseyi ndinkaganiza kuti mwanayu sakudziwa kanthu, chifukwa zamapepala ndinkakamba ndi achimwene panja. Dzana ndikufuna pobisa kalata ya khotiyo, ndinakoka chikwama chamizeremizere pansi pa bedi lake. Chinali chodzaza. Zovala zake zopindidwa bwinobwino, mabuku a sukulu, chithunzi cha Malita. Nditamufunsa, anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndimati mukamapita musavutike kundilongedzera. Amalume anati ndikhoza kumagona pabalaza." Mwana wa sitandade seveni, Amayi, kudzikonzekera yekha kusiyidwa, osandiuza, kuopa kundilemetsa mtima.

Ndinamuwerengera kalata ija mawu ndi mawu. Sanalire pomwepo. Anangofunsa ngati ku Ireland kumazizira kuposa kuno mu Juni, ndipo nditati inde, anati ndiye juzi lake lija lachepa. Atatero m'pamene anandigwera pachifuwa.

Chikwamacho ndamuuza asamasule. Chikwera ndege pamodzi ndi changa.

Mupereke moni kwa Malita, paja mukugona naye limodzi kumeneko. Mumuuze kuti mwana wake watalika, wandipitirira paphewa, ndipo kulikonse kumene ndikagone, iyenso akagona komweko. Sindidzamusiya pabalaza pa munthu, ngakhale pa achimwene enieni. Limenelo ndi lonjezo langa kwa nonse awiri.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Felesiya