Disiki ya Mavidiyo a Amayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chinakanaka tili bwino, kungoti bondo la abambo likuvutabe.

Laputopu ija ndinaipanga apudeti monga munanenera, koma kuyambira pamenepo hadi disiki yosungira mavidiyo a malemu amayi inayamba kuvuta. Ndikailumikiza, pena imaoneka, pena ayi. Lamulungu abambo anati, "Mwananga, tandiikira ija amayi ako akuimba kukwaya." Disiki sinaoneke. Ndinasintha chingwe, ndinayesa mabowo onse a laputopu, osatheka. Abambo anadikira, kenako anatuluka kukakhala pakhonde.

Kutacha ndinapita nayo ku Chitakale pamodzi ndi laputopu. Wokonza makompyuta anati disikiyo ndi yabwinobwino, koma apudeti ija imazimitsa mabowowo pofuna kusunga batire. Atakonza zimenezo, nkhope ya amayi inaonekera pomwepo. Ndinalira mu shopu ya eni.

Zandiganizitsa, achimwene, kuti mawu a amayi tawasiya m'kabokosi kamodzi kokha. Chonde, pobwera mudzatenge disiki ina tidzakopere, kuti amayi azikhalanso kwanu. Abambo aonera kale vidiyo ija ndipo akupereka moni.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati