Mzere Wachikasu Umene a Jouni Anazimitsa

Oulu, 9 Malichi

Achimwene Reijo,

Muli bwanji ku Hamburg? Bondo lija lasiya kuvuta? Ife kuno tili bwino, chisanu chokha ndiye chikukana kutsanzika.

Ndakulemberani chifukwa ndinu mphunzitsi wa masamu. Mukudziwa kuti alamu anu a Jouni akaweruka koyendetsa basi amasewera poka, juga ya makadi, pa kompyuta. Kompyutayo imajambula mizere iwiri. Wobiriwira umaonetsa ndalama zomwe apatadi. Wachikasu umaonetsa zomwe akanapata mwayi ukanakhala wosakondera: akaponya ndalama zonse ali ndi makadi opambana kanayi pa kasanu, mzerewo umawalembera magawo anayi mwa asanu a ndalamazo, kaya adya kaya adyedwa.

Chaka chatha wobiriwira utalowa pansi, anandikhazika pampando n'kundiuza kuti umenewo ndi wa mwayi chabe, luso la munthu lili mu wachikasu. Chidwi changa mumachidziwa. Ndinafunsa mafunso mpaka kuwatopetsa, ndipo zinandikoma.

Pano wobiriwira wakwera ndi mayuro zikwi khumi ndi zinayi, ndipo a Jouni akuti kumapeto kwa mwezi asiya ntchito. Lamulungu akukoleza moto wa sauna, kanyumba kathu kosambiramo nthunzi, ndinasuzumira pa kompyuta. Wachikasu kunalibe, anauzimitsa. Nditadina kabokosi kake, unatulukira pansi penipeni, ukutsetsereka pang'onopang'ono, utapyola kale ziro.

Ndinawafunsa tikumwa khofi. Anaseka, ati masewera zikwi makumi atatu ndi ochepa, mzerewo sunganene kanthu. Ndiye ndinati, "Nanga ochepa omwewo akukwanira bwanji kusiyira basi, bambo?" Anadzuka kukapala chipale chofewa pakhomo, pomwe anali atapala kale m'mawa.

Ndikuopa, achimwene. Malipiro a basiyo ndiwo amatidyetsa. Komanso zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'banja sindinawaonepo akusangalala chonchi, moti ndikulakalaka nditakhala kuti ndalakwitsa.

Pepala la mizereyo ndaliika momwemu. Kodi masewera amafunika angati kuti wachikasu tiukhulupirire? Ngati ndawerenga molakwika, mundiseke, ndivomera. Koma ngati ndalondola, muwaimbire foni inuyo mwezi usanathe. Zimene ndikuwauzazi anandiphunzitsa okha, koma zikatuluka pakamwa panga sakuzimva.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Silke ndi ana.

Ndine mlongo wanu,
Tuulikki